Anasiya khasu tsiku limodzi kukaonetsa ana nyali

Mwezi wa December ukangolowa, mafoni a ku Kasiya amayamba kulandira timakanema ta ku Joni. Achibale omwe ali pa ganyu ku South Africa amajambula ali kumalo osungira nyama a mumzinda wa Johannesburg, komwe kuyambira kumapeto kwa November mpaka kumayambiriro kwa January amayatsa nyali zosawerengeka usiku. Nyalizo amazikulunga m'mitengo ndi pazitsulo zopindidwa ngati nyama, moti munthu amayenda pakati pa njovu ndi akadyamsonga oyaka. Malowo ndi akale, anatsegulidwa mu 1904, koma za nyalizi n'zadzana. Kanema wotere akafika pa foni imodzi m'mudzi, pomafika madzulo ana onse amakhala atamuona.

Banja lomwe ndinakumana nalo pa siteji ya Kasiya m'mawa wa pa 26 December linali ndi nyota ya nyali zomwezo. Analipo asanu ndi mmodzi: bambo, mayi, ana atatu ndi agogo aakazi. Kanemayo anatumiza ndi azakhali a anawo, ndipo mnyamata woyamba, wa zaka ngati khumi, anakhala sabata yathunthu akufunsa kuti njovu yoyakayo ili kuti. Mayi ake anamuuza zoona, kuti ili kutali, kwa pasipoti. Koma anamulonjeza kuti ku Lilongwe akaona nyama masana, madzulo n'kuona nyali, ngakhale kuti ziwirizi sizili pamalo amodzi.

Anavala ngati akupita ku ukwati. Mtsikana wapakati anali ndi diresi ya Khirisimasi yomwe mizere yopindira inali isanathe, nsapato atanyamula m'manja kuopa matope a m'njira yochokera kumudzi. Agogo anamanga ndalama pa nsonga ya chitenje. M'jumbo munali zigumu, mango ndi botolo la thobwa, chifukwa chakudya cha m'tauni sichinali m'mawerengedwe awo. Minibasi inatitenga pa msewu wa phula wochokera ku Santhe, womwe umakalowa mu Lilongwe cha ku bwalo lakale la ndege, ndipo njira yonse bamboyo ankangoyang'ana minda ya eni, kuona amene wapalira ndi amene wachedwa.

Nyama anakazifuna m'nkhalango ya m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, pakati pa Old Town ndi City Centre. Apa anawo anayamba akhumudwa. Wowatsogolera anafotokoza kuti malowa sali ngati a mu kanema uja. Nyama zambiri zimabwera zitapulumutsidwa: apusi omwe anthu ankaweta pa chingwe, anyani amasiye, ngaka zolandidwa kwa ozembetsa. Cholinga ndi kuzichiritsa n'kuzibwezera kutchire, ndipo nyama yozolowera phokoso la anthu ndi kuwala kwa usiku imavutika ikabwerera. N'chifukwa chake chipata chimatsekedwa dzuwa lisanalowe, ndipo nyali zamitundumitundu simungazipezemo.

Kukhumudwako sikunakhalitse. Gulu la apusi linadutsa m'nthambi pamwamba pawo, mmodzi ali ndi kamwana kokakamira kumimba, ndipo wamng'ono pa anawo, yemwe anali kumbuyo kwa mayi ake, anakuwa mpaka apusiwo anaima kumuyang'ana. Lingadzi anali atadzaza, madzi ofiira ndi dothi la mvula ya dzulo lake. Mnyamata uja anakhala nthawi yaitali akuyang'anitsitsa chikuni chilichonse choyandama, poti anamva kuti mumtsinjemo muli ng'ona. Agogo ndi omwe anasangalala mwakachetechete. Ankagwira makungwa a mitengo n'kumatchula mayina ake kwa adzukulu, nati mitengo yotereyi inalipo kwawo ali mtsikana, zigafa za fodya ndi makala zisanaimalize.

Nyali anakazipeza pabwalo la masitolo akuluakulu, dzuwa litapendeka cha m'ma 6 koloko. Panali mtengo wa Khirisimasi wautali kuposa denga la tchalitchi cha kwawo, ndi zingwe za timababu zolendewera m'makonde. Zitayaka, mtsikana wa diresi uja anabwerera m'mbuyo n'kugwira chitenje cha agogo ake. Wamng'ono anatambasula dzanja, kenaka n'kulibweza msanga, nafunsa amayi ake ngati sizitentha. Agogo anati zikungokhala ngati wina watolera ziphaniphani za dambo lonse n'kuzimangirira pamtengo umodzi. Mnyamata uja sanaime kutsogolo ngati anzake. Anazungulira kuseri kwa mtengowo, n'kugwada, n'kuyamba kulondola waya ndi maso kuti aone komwe moto ukuchokera ndi chomwe chikuchititsa kuti zofiira zizizima pamene zobiriwira zikuyaka. Mlonda anafuna kumuthamangitsa, koma ataona kuti sakugwira kanthu anamusiya.

Amene amakhala m'tauni angadabwe kuti timababu tingachititse mwana kugwada. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti m'dziko muno nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse zinkaunikira ndi magetsi, pomwe zoposa theka zinkadalira tochi ndi mabatire. Kwa ana awa, kuwala kwa usiku ndi kwa ntchito: kupezera ndiwo mu mphika, kuwerengera mayeso, kuunikira njoka panjira. Kuwala koyatsidwa kuti anthu angokuona basi anali asanakuonepo.

Nkhani inakula n'kumudzi. Ulendowu unadya nkhuku ziwiri, ndowa ya mtedza wosunga ndi kandalama kochokera ku Joni, ndipo atsibweni a anawo, mchimwene wa mayiyo, sanagwirizane nawo kuyambira pachiyambi. Nditakawaona patapita masiku atatu, ndinawapeza m'munda akubandira, mkwiyo usanathe. Mfundo yawo ndi yomveka kwa aliyense wolima kuno. Kumapeto kwa December chimanga chimafuna feteleza wobereketsa, ndipo chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, thumba lake lakhala la anthu owerengeka. Ambiri amagula wa pa ndowa kapena wa pa mbale. Kutsogoloku kuli January ndi February, nkhokwe zikapepuka, ndi fizi ya temu yachiwiri. Iwo akuti chakudza sichiimba ng'oma, ndipo mbumba ikadzagona ndi njala idzathamangira kwa iwo, osati kwa eni masitolo oyatsa nyali. Akutinso tsiku lopalira lotayika m'nyengo ino silibwezeka, udzu sudikira.

Mayiyo sanagonje, ngakhale amayankhula mwaulemu wa kwa alongo awo. Akuti pa Khirisimasi iliyonse abambo a m'mudzimo amamwera ndalama zoposa zomwe iwo anayendera, ndipo palibe amene amaitanitsa bwalo. Nkhuku zinali zoweta okha. Ana awo amaphunzira za nyama zakutchire ndi za magetsi m'mabuku, mayeso n'kulemba, koma Lilongwe yemwe ali pafupi chonchi anali asanapondemo. Iwo eni anakafika koyamba mumzindawo ali aakulu kale, podikirira wodwala kuchipatala, ndipo safuna kuti ana awo adzaudziwe mzinda pa njira yomweyo.

Bambo wa anawo, poti ndi mkamwini pamudzipo, sanafune kuima pakati pa mkazi wake ndi mlamu wake. Anangoti feteleza adzamupeza ndi ganyu, ndipo tsiku lotsatira ulendowo anadzuka tambala woyamba kukabweza mizere yomwe inatsala. Mphunzitsi wina wa pa sukulu yapafupi, yemwe ndinamufunsa za nkhaniyi, anali mbali ya mayiyo koma mosamala. Anati mwana amene waonako zinthu amafunsa mafunso ambiri m'kalasi, komabe ulendo wotere ukanapepuka ukanakhala wa sukulu kapena wa mpingo, makolo n'kusonkherana galimoto imodzi m'miyezi yokolola, ndalama zikadalipo. Vuto ndi loti nyali za Khirisimasi siziyaka mu June.

Ine ndaona minda yachikasu chifukwa chosowa feteleza, ndipo mantha a atsibweniwo sindiwapeputsa. Koma ndinaliponso pamene mnyamata uja ankalondola waya, ndipo ndikuti mayiyo sanalakwe. Chomwe chimandiwawa n'choti banja la alimi, omwe fodya, soya ndi mtedza wawo umadyetsa mzindawo, liyenera kusankha pakati pa ndowa ya feteleza ndi tsiku limodzi lachisangalalo cha ana. Ku Kasiya komweko kwapezeka miyala ya rutile ndi graphite yomwe ikutchulidwa m'mayiko akutali, ndipo graphite ndi yemwe amalowa m'mabatire. Ana a pamwamba pa nthaka imeneyo akuwerengabe ndi tochi.

Pobwerera anapeza minibasi yomaliza itatsala pang'ono kudzaza, ndipo anafika pa Kasiya usiku, akabaza ambiri ataweruka. Mtunda wotsalawo anauyenda pansi, bambo patsogolo ndi tochi ya pa foni, wamng'ono ali mtulo kumsana. Podutsa padambo achule anali pa phokoso lawo la m'dzinja ndipo ziphaniphani zinali mbuu pamwamba pa udzu. Mtsikana wa diresi uja, nsapato zili m'manja kachiwiri, akuti anaima n'kufunsa agogo ake ngati izi nazo amazizimitsa kukacha.

Tsiku lomwe ndinapita kwa atsibweni aja ndinadzeranso pakhomo pa banjalo. Mnyamata uja anali pansi pa mtengo wa mango ndi mawaya omwe anaphwasula ku galimoto yake yoseweretsa. Wapinda kale miyendo inayi ndi khosi lalitali la kadyamsonga, ndipo wachotsa timababu titatu mu tochi yakufa ya agogo ake. Chomwe chatsala ndi mabatire awiri, ndipo wati akapempha kwa atsibweni ake.