Kadamsana wa Dzuwa: Ulendo wa Banja ndi Kusamala Maso

Pa Lachinayi, pa 1 Seputembala m'mawa m'chaka cha 2016, mwezi udadutsa patsogolo pa dzuwa nuphimba gawo lake lalikulu, kotero kuti anthu a ku Chitimba m'boma la Rumphi, pamodzi ndi anzawo a ku Chiweta, Chilumba ndi Karonga, adaona kuwala kwa m'mawa kukuzirala ngati kuti ndi madzulo. Ku Rujewa m'chigawo cha Mbeya ku Tanzania, komwe munthu wochokera pa Chitimba amafikako atawoloka malire pa Songwe, dzuwa lidasanduka mphete yowala kwa mphindi pafupifupi 3, ndipo khamu la anthu lidasonkhana kumeneko kukaonerera. Zofananazo zidachitika pa 21 Juni 2001, pamene mdima wathunthu udagwa masana mu mzinda wa Lusaka kwa mphindi zoposa pang'ono 3, mthunzi wa mwezi nupitirira ku Zimbabwe, Mozambique ndi Madagascar.

Kadamsana adzabweranso. Pa Lolemba, pa 25 Novembala 2030, dzuwa lonse lidzaphimbika ku Namibia, Botswana ndi South Africa, pomwe kuno ku Malawi lidzaphimbika mbali imodzi chabe. Patapita miyezi 6, pa Lachitatu, pa 21 Meyi 2031, kadamsana wamphete adzadutsa Angola ndi Zambia, nadzakhudza kumpoto kwenikweni kwa Malawi asanalowe m'Tanzania. Mabanja ambiri a m'mbali mwa nyanja ali ndi abale ku Karonga ndi ku Chitipa, ndipo nkosakayikitsa kuti ena adzafuna kukwera galimoto kuti akaonere pamodzi ndi abale awowo. Ulendo wotere ngwabwino, koma uli ndi ngozi zake, ndipo yaikulu koposa ndi ya maso.

Kodi kadamsana nchiyani?

Dziko limazungulira dzuwa, mwezi nuzungulira dziko. Mwezi ukafika pakati penipeni pa dzuwa ndi dziko, mthunzi wake umagwa padziko, ndipo anthu amene ali mumthunzimo amaona dzuwa litaphimbika. Dzuwa nlalikulu kuposa mwezi pafupifupi ka 400, komanso lili kutali kuposa mwezi pafupifupi ka 400, pakuti mwezi uli pa mtunda wa makilomita 384,000 pomwe dzuwa lili pa makilomita 150 miliyoni. Nchifukwa chake ziwirizi zimaoneka zofanana kukula, monga momwe chala chimodzi chingabisire bwato lonse limene lili kutali panyanja.

Kadamsana wa dzuwa amachitika pokhapokha mwezi uli kumdima, koma sachitika mwezi ndi mwezi, chifukwa njira ya mwezi njopendekeka pang'ono ndipo nthawi zambiri mthunzi wake umaphonya dziko. Njirayo siili yozungulira bwinobwino: nthawi zina mwezi umayandikira, nthawi zina umatalikira. Ukayandikira umaphimba dzuwa lonse, monga mu 2001. Ukatalikira umachepa, ndipo m'mphepete mwa dzuwa mumatsala mphete yowala, monga mu 2016 ndi momwe zidzakhalire mu 2031. Mthunzi weniweni ngwopapatiza. Wa mu 2016 udali wa makilomita pafupifupi 100 m'lifupi. Anthu amene ali kunja kwake amangoona dzuwa lolumidwa mbali imodzi, ndipo ichi ndicho chimayendetsa anthu mitunda italiitali.

Momwe dzuwa limapwetekera diso

Mkati mwa diso muli kagalasi kamene kamasonkhanitsa kuwala ndi kukuponya pa kachikopa kopyapyala ka kumbuyo kwa diso, kotchedwa retina. Pakati pa kachikopaka pali malo ang'ono kwambiri amene munthu amagwiritsa ntchito powerenga, pozindikira nkhope ya mnzake, polowetsa ulusi m'singano ndi posoka ukonde. Munthu akayang'ana dzuwa, kuwala kwake konse kumagwera pa malo amenewa. Ana asukulu amadziwa kuti galasi lokulitsa zinthu likhoza kuyatsa pepala padzuwa. Kagalasi ka m'diso nakonso kamasonkhanitsa kuwala chimodzimodzi, ndipo kuwala kochulukako kumaononga tizigawo tofewa ta retina ngakhale m'kanthawi kochepa.

Masiku onse diso limadziteteza lokha, pakuti dzuwa limathobwa m'maso ndipo munthu amaphethira ndi kuyang'ana kumbali. Pa kadamsana chitetezo chimenechi chimachepa. Kuwala kukazirala, munthu amatha kupenyetsetsa nthawi yaitali, chidwi nichimchititsa kuyang'ananso kawirikawiri. Komatu kachigawo kotsala ka dzuwa, ngakhale kakhale kowonda ngati chikhadabo, nkaukali ngati dzuwa la tsiku lililonse.

Choopsa china nchakuti retina samva kuwawa. Munthu amapsa m'diso osadziwa, nabwerera kunyumba akuseka ndi anzake. Zizindikiro zimayamba patapita maola angapo kapena m'mawa mwake: kuona mwachimbuuzi, kadontho kakuda kapena kotuwa pakati pa chilichonse chimene munthu akuyang'ana, mizere yowongoka kuoneka yokhotakhota, ndi mitundu ya zinthu kusintha. Ambiri amayamba kuona bwino patapita masabata kapena miyezi, koma ena kadonthoko kamawakhalira moyo wonse. Palibe mankhwala odontheza, jekeseni kapena opareshoni yochotsa chilonda chimenechi. Ana ndi achinyamata ali pangozi yaikulu chifukwa kagalasi ka m'maso mwawo nkoyera bwino ndipo kamalowetsa kuwala kwambiri. Anthu amene adachitidwa opareshoni ya ng'ala ayeneranso kuchenjera koposa.

Njira zimene zimanyenga anthu

Anthu ambiri amene amavulala maso amakhala atayesa kudziteteza, koma ndi zinthu zosayenera. Magalasi akuda a dzuwa ogulidwa pamsika sateteza, ngakhale munthu avale awiri kapena atatu pamodzi. Galasi lodetsedwa ndi mwaye wa koloboyi, botolo la mtundu wakuda, pepala la ekiselo la kuchipatala, pulasitiki wakuda ndi nsalu yopindidwa, zonsezi zimachepetsa kuthobwa kokha, pomwe kuwala koononga kumadutsabe. Motero zimaonjezera ngozi, chifukwa munthu amalimba mtima nayang'ana nthawi yaitali.

Ena amatunga madzi m'beseni kuti aonere dzuwa m'madzimo. Njira imeneyinso siyabwino, pakuti chithunzi cha dzuwa m'madzi nchowala mokwanira kupweteka retina. Anthu a pa Chitimba ayenera kulabadira mfundo iyi kwambiri, chifukwa gombe lawo layang'ana kum'mawa, ndipo kadamsana wa mu 2030 ndi wa mu 2031 onse adzachitika m'mawa, dzuwa likunyezimira panyanja. Asodzi obwera kuchokera ku usipa, amayi otsuka ndi kuchapa pagombe, ndi ana osewera mumchenga asapenyetsetse chithunzi cha dzuwa pamadzi.

Kuyang'ana dzuwa kudzera m'makina oonera patali nkoopsa koposa zonse, chifukwa makinawo amasonkhanitsa kuwala kochuluka ndipo amatha kuononga diso nthawi yomweyo, ngakhale munthu atavala magalasi a kadamsana. Wojambula ndi foni nayenso amapezeka akusuzumira dzuwa m'mbali mwa foniyo pofuna kulunjika bwino.

Njira zabwino zoonerera

Njira yoyamba ndi magalasi opangidwira kadamsana, amene amalembedwa chizindikiro cha ISO 12312-2. Munthu akawavala saona chilichonse koma dzuwa lokha. Ngati akuona nyumba, mitengo kapena nyali wamba, magalasiwo ngachinyengo. Asanawavale awayang'ane ngati ali ndi kabowo kapena ngati adakalika, ndipo oonongeka atayidwe. Awavale atayang'ana pansi, kenaka nkukweza nkhope. Pomaliza atembenuke kaye asanawavule. Galasi la owotcherera zitsulo limateteza ngati lili la nambala 14, koma ambiri amene amapezeka m'magalaja ngocheperapo, motero asagwiritsidwe ntchito.

Njira yachiwiri siilira ndalama, ndipo ndiyo yoyenera banja lalikulu. Munthu atenge kachidutswa ka katoni, aboole kabowo kamodzi ndi singano kapena kamsomali, aime atafulatira dzuwa, nalole kuwala kudutsa pakabowoko kugwere pa pepala loyera kapena pa khoma. Pamenepo padzaoneka chithunzi chaching'ono cha dzuwa, ndipo mwezi ukamalowa chithunzicho chidzalumika pang'onopang'ono. Kabowoko sikosuzumirapo ayi. Maso akhale pa pepala. Chipewa chamlaza kapena chiwiya chilichonse cha timabowo tambiri chimatulutsa zithunzi zambirimbiri nthawi imodzi. Ngakhale pansi pa mtengo wa mango, kuwala kodutsa pakati pa masamba kumajambula timiyezi tambiri padothi, ndipo agogo ndi adzukulu akhoza kukhala pamphasa ndi kuonerera popanda wina kukweza maso kumwamba.

Nthawi yokhayo imene maso opanda chitetezo angayang'ane ndi pamene dzuwa lonse laphimbika kotheratu, kwa mphindi zowerengeka, ndipo izi zimachitika kwa okhawo amene ali pakati pa mthunzi wa kadamsana wathunthu. Pa kadamsana wamphete ndi pa kadamsana wa mbali imodzi nthawi yotere palibe. Tsono mu 2030 ndi mu 2031 palibe malo m'Malawi muno pamene padzakhale pololedwa kuyang'ana dzuwa ndi maso okha. Kadamsana wa mwezi, amene amachitika usiku mwezi uli wathunthu, ndiye alibe vuto lililonse m'maso.

Kukonzekera ulendo

Banja lochoka pa Chitimba kupita kwa amalume kapena apongozi ku Karonga lidzayenda pa msewu wa M1 kudzera ku Chilumba, ndipo lopitirira ku Chitipa lidzakwera mapiri. Nkwanzeru kunyamuka tsiku limodzi kadamsana asanachitike, kusiyana ndi kuthamangitsa galimoto mbandakucha. Galimoto isadzazidwe mopyola muyeso, ana asakhale pamwamba pa katundu, ndipo woyendetsa asamwe mowa. Kadamsana akayamba galimoto ili pamsewu, woyendetsa asasuzumire kumwamba ndiponso asavale magalasi a kadamsana akuyendetsa. Aimike galimoto kutali ndi msewu, pamalo poonekera, ndipo ana atsikire mbali yopanda magalimoto. Amene angasankhe kukwera ku Livingstonia pa msewu wa Gorodi akumbukire kuti ngwamakona ambiri akuthwa, ndipo suli malo oimapo chiimeime.

Madzi akumwa anyamulidwe kuchokera kunyumba, owiritsa kapena othira kolorini, m'zigubu zotsekedwa bwino. Mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023, umene udali waukulu koposa yonse m'mbiri ya dziko lino, udafika m'maboma a Rumphi, Karonga ndi Nkhata Bay, ndipo udaonetsa kuti matenda otsekula m'mimba amafala msanga pamene anthu asonkhana popanda zimbudzi ndi madzi abwino. Chakudya chidyedwe chikali chotentha, zipatso zitsukidwe, ndipo aliyense asambe m'manja ndi sopo asanadye ndi pochokera kuchimbudzi. Kamba wabwino wa paulendo ndi wosachedwa kuphika ndi wosasasa msanga, monga chinangwa chowotcha, mtedza wokazinga ndi nthochi.

Nyumba ya abale ikalandira alendo ambiri, maneti a udzudzu amaperewera, ndipo amene amagona kunja kwa neti nthawi zambiri ndi ana. Banja linyamule maneti ake, chifukwa mwezi wa Meyi udzudzu umakhala ukadali wambiri m'mbali mwa nyanja ndi m'madambo a mpunga. Ana asaloledwe kusamba m'madzi osayenda a m'mabango, momwe mumakhala nkhono zofalitsa likodzo. Amene amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, monga ma ARV, a chifuwa chachikulu, a shuga, a khunyu kapena a kuthamanga kwa magazi, atenge okwanira masiku onse ndi ena apadera, pamodzi ndi mabuku awo a kuchipatala ndi makadi a sikelo a ana.

Pa tsiku lenilenilo, akulu agawane ana, kuti mwana aliyense akhale ndi womuyang'anira. Mwana akangouzidwa kuti asayang'ane, chidwi chake chimakula; nkwabwino kumpatsa katoni yakeyake ndi kumuonetsa chochita. Khanda lobereka kumbuyo nkhope yake imaloza kumwamba, motero lifunditsidwe kapena likhale pamthunzi. Popeza 21 Meyi 2031 ndi tsiku la pakati pa sabata, aphunzitsi nawonso ali ndi udindo wokonzekeretsa ana amene adzakhale panjira kapena pabwalo la sukulu.

Zikhulupiriro ndi zoona zake

Kwina kumamveka kuti mayi woyembekezera akatuluka panja pa kadamsana adzabala mwana wolumala, kapena kuti chakudya chophikidwa nthawi imeneyo chimasanduka poizoni. Zimenezi sizoona. Kadamsana ndi mthunzi chabe, ndipo dzuwa silitulutsa mphamvu yachilendo pa tsikulo. Mayi woyembekezera adye, amwe, apite ku sikelo monga mwa masiku onse, nasamale maso ake ngati wina aliyense. Nkhuku zikalowa m'khola ndi mbalame kukhala chete, nchifukwa chakuti zayesa kuti kwada. Akatswiri amawerengera tsiku ndi ola la kadamsana zaka zambiri zisanafike, ndipo chinthu chodziwika chotero sichingakhale malodza.

Ngati wina wavulala maso

Munthu amene ayamba kuona kadontho kapena chimbuuzi pambuyo pa kadamsana apite kuchipatala msanga, nanene poyera kuti adayang'ana dzuwa. A ku Chitimba ayambire pa chipatala chawo chaching'ono, komwe angawatumize ku chipatala cha boma ku Rumphi kapena ku Mzuzu Central Hospital, kumene kuli madokotala a maso. Amene ali paulendo apite ku chipatala cha boma ku Karonga kapena ku Chitipa. Kupimidwa nkofunika chifukwa matenda ena a maso, amene ali ndi mankhwala, amayamba ndi zizindikiro zofanana. M'diso musathiridwe madzi a masamba, mkaka wa m'mawere, mkodzo kapena mankhwala otsala a munthu wina. Zinthu zimenezi sizifika pa retina, koma zimatha kuyambitsa zilonda pa diso ndi kuchititsa khungu munthu amene akadachira.

Alangizi a zaumoyo, mafumu, aphunzitsi ndi atsogoleri a mipingo ayambe kufotokozera anthu nkhani imeneyi nthawi ikadalipo, ndipo kholo lililonse liphunzitse ana ake kuboola katoni ndi kufulatira dzuwa tsikulo lisanafike.