Chifukwa Chiyani ku Dambe Kumazizira Pamene ku Zalewa Kumatentha?

Ana athu amatifunsa kaŵirikaŵiri kuti: boma la Neno ndi limodzi, nanga bwanji ku Dambe anthu amalima mbatatesi ndi tirigu m'chisanu, pamene ku Lisungwi ndi ku Zalewa kumamera milambe, ndipo dzuŵa la mwezi wa Okutobala limachita kuŵaula?

Yankho lagona pa kukwera kwa malo. Munthu akakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Dambe ali pamwamba pa mapiri a Kirk Range, m'malire ndi Mozambique, mapiri amene adatchedwa dzina la John Kirk, mnzake wa David Livingstone pa ulendo. Zalewa ali pansi, m'chigwa cha Shire.

Tsono ndani adakumba chigwacho? Ambiri timayesa kuti ndi mtsinje. Iai, Shire adachita kuchipeza. Nthaka ya Africa ikung'ambika pang'onopang'ono, mamilimita oŵerengeka okha pa chaka, ndipo mng'aluwo wachokera ku Ethiopia, nudzera ku Kenya ndi ku Tanzania, nufika kwathu kuno mpaka ku Mozambique. Pakati pa ming'alu nthaka idatitimira, ya m'mbali idatsala pamwamba: ndiwo mapiri athuŵa. Kumene idatitimira kopambana kudadzaza madzi, ndiyo nyanja ya Malaŵi, yozama mamita pafupifupi 700, ndipo mtsinje wotulutsa madzi ake ndi umodzi wokha, Shire. Ntchitoyi sidathe ai. Zivomezi za ku Salima mu 1989 ndi za ku Karonga mu 2009 zidachitira umboni kuti pansi pakadali kuyenda.

Pali chinanso chimene ife a kumtunda sitiyenera kuchinyalanyaza. Madzi sakwera phiri. Mvula imene yagwa m'minda mwathu imatsika ndi Lisungwi kapena Wamkulumadzi kukathira m'Shire. Shireyo akamatsetsereka pa mathithi amapukusa makina a magetsi ku Nkula, amene adayamba ntchito mu 1966, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Tikadula mitengo pa matsitso ndi kulima mizere yoloza kumunsi, chonde cha munda chimakokoloka, chimanga chimafiira masamba, ndipo matope omwewo amakadzaza madamu a magetsi. Ndiye chifukwa chake alangizi a zaulimi amalimbikira kuti mizere izipingasa phiri, ndi kuti m'milambala tizibzalamo udzu wa vetiva.