Chubu chopopa si mlonda wa mwana m'madzi

Khirisimasi ikayandikira, misewu ya ku Salima ndi ku Mangochi imadzaza ndi magalimoto a mabanja ochokera ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Pamchenga wa ku Senga Bay kapena ku Cape Maclear pamakhala pali waliwali ndi zovala za ana zosambirira: timatumba topopa ta m'mikono, machubu ozungulira okhala ndi mutu wa bakha, timipando toyandama ta mabowo awiri opisamo miyendo. Kholo likangomuveka mwana wa zaka ziwiri chimodzi mwa zimenezi, mtima umakhala m'malo, n'kubwerera pamthunzi kukadikira chambo chootcha. Ngozi zambiri zimayambira pa kukhazikika mtima kumeneko.

Lipoti la bungwe la WHO lomwe linatuluka mu 2024 linati anthu pafupifupi 300,000 anafa pomira m'madzi m'chaka cha 2021, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse anali mwana wosakwana zaka zisanu. Poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu, chigawo cha Africa ndi chomwe chimataya anthu ambiri mwa njira imeneyi. Bungwe la United Nations linafika pokhazikitsa 25 July kukhala tsiku lokumbutsana za kupewa kumira.

Mwana wongoyamba kuyenda ali ndi mutu waukulu ndi wolemera poyerekeza ndi thupi lake. Akapendekeka m'madzi amatsogoza nkhope, ndipo timanja take tilibe mphamvu zoti adzidzutse. Sakuwa, saphiriphitha monga zimaonekera m'mafilimu. Pakamwa pakadzaza madzi mawu satuluka, ndipo anthu ali chapafupi amapitiriza kucheza. Pakangopita mphindi zochepa ubongo usakulandira mpweya, umayamba kuonongeka.

Tsono zopopa zija ndi zidole, ndipo opanga ake amadziwa. Aliyense amene angatembenuze chubu chotere n'kuwerenga timalemba tating'ono ta pambali apeza chenjezo lakuti chinthucho sichiteteza kumira ndipo mwana aziyang'aniridwa nthawi zonse. Mpweya umatha kuphwa kachotsekera kakatseguka kapena bango likabaya. Timatumba ta m'mikono timavuka mwana akakweza manja m'mwamba, makamaka khungu likaterera ndi madzi ndi mafuta. Kampando koyandama ndiye koopsa mwa njira yakeyake: funde likakagudubuza, mwana amazondoka, miyendo ili m'mabowo, mutu uli pansi. Panyanja ya Malawi palinso mphepo. Mwera kapena mpoto ukangoyamba, chinthu chopepuka chodzaza mpweya chimatengedwa mofulumira kuposa momwe munthu wamkulu angasambirire pochithamangitsa. Machubu ovala m'khosi mwa makanda, omwe amaoneka kawirikawiri pa Facebook, bungwe la FDA la ku America linachenjeza makolo mu 2022 kuti asamawagwiritse ntchito. Za zigubu ndi machubu a matayala, zomwe anyamata a m'mbali mwa nyanja amaseweretsa, n'zosayenera n'komwe kuzitchula pa mwana wosadziwa kusambira.

Chomwe akatswiri amavomereza kwa mwana wotere ndi jekete yopulumutsira, yomwe ambiri amangoti laifujaketi, yokhala ndi thovu lolimba mkati, yosafuna kupopa. Koma si jekete iliyonse.

Poyamba kholo liwerenge chizindikiro chosokedwa mkati. Majekete oyesedwa bwino amalembedwa ISO 12402, kapena amaonetsa kuti anavomerezedwa ndi US Coast Guard. Pafupi ndi malembawo nthawi zambiri pamakhala nambala yosonyeza mphamvu yoyandamitsa. Ya 50 ndi ya anthu odziwa kale kusambira, omwe ali pafupi ndi gombe, ndipo siithandiza kuti nkhope ikhale kunja kwa madzi. Ya mwana wosadziwa kusambira iyambire pa 100, chifukwa imeneyo inapangidwa kuti imutembenuze chagada.

Kenako pamabwera nkhani ya kukula kwake, ndipo apa mpomwe makolo ambiri amaphonya. Jekete imasankhidwa potengera kulemera kwa mwana, osati zaka zake. Makilogalamu ake ali kale m'buku la kusikelo, ndipo pajekete pamalembedwa malire a kulemera komwe ingathe kunyamula. Pogula yunifomu ya sukulu, mawu akuti “akulira momwemo” ndi nzeru yosunga ndalama. Pajekete yopulumutsira mawu omwewo angaphetse mwana, chifukwa jekete yaikulu imayandama yokha, mwana n'kupulumukira pansi pake, kapena imakwera n'kumuphimba pakamwa ndi mphuno.

Jekete ya mwana wamng'ono imadziwika ndi kolala yaikulu kumbuyo kwa khosi yomwe imatsamiritsa mutu, komanso lamba wodutsa pakati pa miyendo woletsa jeketeyo kukwera. Pamwamba pa kolala pamakhala chogwirira, choti munthu wamkulu amukokere mwanayo m'bwato kapena kumtunda. Lamba wa pakati pa miyendo uja ana amadana naye, ndipo makolo ena amamusiya ali lendelende kuti mwana asalire. Akatero ndiye kuti jekete yonse yatha ntchito.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Mwana avekedwe, zipi itsekedwe, malamba onse amangidwe, kenako munthu wamkulu agwire jeketeyo pamapewa n'kunyamula pang'ono. Ikakwera mpaka kuphimba chibwano kapena kufika m'makutu, ndi yaikulu. Ikakana kutseka, ndi yaing'ono. Tsiku loyamba kunyanja, mwana alowe nayo m'madzi ofika m'mawondo a kholo, ali m'manja, kuti aone momwe imamugonekera chagada ndi kuzolowera. Mwana wochita mantha amalimbana ndi jekete, ndipo thewera lonyowa limasinthanso kayandamidwe kake, kotero ngakhale jekete yabwino simutembenuza nthawi zonse. Mtundu ukhale wowala, wa olenji kapena wachikasu. Yabuluu imakongola pachithunzi koma imasowa m'madzi.

Majekete otere sapezeka paliponse ndipo mtengo wake ndi wowawa, n'chifukwa chake ena amakawapeza pakaunjika. Palibe cholakwika, bola kuyang'anitsitsa. Thovu likakhala lophwanyika kapena louma gwa, nsalu itang'ambika, malamba atafumbwa ndi dzuwa, kapena chizindikiro chitafufutika moti makilogalamu sakuwerengeka, jeketeyo isiyidwe pomwepo. Chimodzimodzi pokwera boti lopita kuzilumba: mwini boti akapereka jekete ya munthu wamkulu kuti mwana “angovala”, kholo lili ndi ufulu wokana ulendowo.

Madokotala a ana a bungwe la American Academy of Pediatrics amati ana ambiri angayambe kuphunzira kusambira akakwanitsa chaka chimodzi, koma amanenetsa kuti mwana wamng'ono akakhala m'madzi, munthu wamkulu akhale pomwe angathe kumugwira atangotambasula dzanja. Pagulu la achibale khumi aliyense amaganiza kuti mnzake ndiye akuyang'ana. Ndi bwino kutchula munthu mmodzi ndi dzina, foni aike m'chikwama, mowa asakhudze, ndipo akatopa apereke udindowo kwa wina pomuuza pakamwa. Mchemwali wa zaka zisanu ndi zitatu, ngakhale atakhala wanzeru chotani, ndi mwana nayenso.

Ana ambiri samira kunyanja patchuthi ayi. Amamira pakhomo, pomwe palibe amene angaganize zowaveka jekete: m'ndowa yochapira, m'beseni, m'chitsime chosavundikira, m'maenje oumbira njerwa omwe amadzaza mvula ikagwa. Madzi ongokwanira kuphimba mphuno ndi pakamwa ndi okwanira kupha. Ndowa ikatha ntchito ikhuthulidwe n'kuikidwa chadodolido, chitsime chikhale ndi chotsekera cholemera.

Ngozi ikachitika, mwana akavuulidwa asakupuma, nthawi isatayike ndi kumuzondotsa kapena kumufinya pamimba kuti madzi atuluke. Chofunika ndi mpweya: agonekedwe chagada, apumiridwe m'kamwa, adinidwe pachifuwa mobwerezabwereza, wina akuthamangira galimoto. Ndipo mwana aliyense amene wamira n'kutsitsimuka, ngakhale ayambenso kusewera, apite naye kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa mapapo omwe alowa madzi amatha kuyamba kuvuta patapita maola angapo.