Gwirani chithokomiro musanatsegule kapisozi

Thadzi likayamba kusinza masana, litagwetsa mapiko, osathamangiranso madeya ndi zinzake, m'makomo ambiri dzina la matendawo limapezeka msanga: chitopa. Mwana amatumidwa ku golosale kukagula makapisozi a anthu, ufa wake n'kuthiridwa m'madzi akumwa, ena n'kuonjezamo tsabola kapena alovera. Manthawa ngomveka, pakuti chitopa chimatha kusesa khola lonse m'masiku ochepa, makamaka m'miyezi yotentha mvula isanagwe. Koma ikadwala nkhuku imodzi, zinzake zikupalasa bwinobwino, kugula kapisozi nthawi zambiri n'kutaya ndalama, ndipo pena ndiye amakulitsa vuto. Chofunika kuyamba nacho n'chaulere: kuigwira nkhukuyo pachithokomiro m'mamawa isanatole kanthu.

Chithokomiro ndi kathumba kamene kali m'munsi mwa khosi, chakumanja kwa chifuwa. Poti nkhuku ilibe mano, imameza chakudya chathunthu n'kuchisunga m'menemo kuti chifewe, kenako chimatsika pang'onopang'ono kupita m'mimba ndi mu nthutumba, momwe timiyala timachipera. Madzulo chithokomiro chimayenera kukhala chodzaza, choncho woigwira nkhuku nthawi imeneyo saphunzirapo kanthu. Kukamacha chimayenera kukhala chitaphwa. Ngati nkhuku yagona popanda chakudya pafupi koma mbandakucha pachifuwa pakadali potukuka, ndiye kuti chakudya chaima panjira, ndipo zala zimatha kusiyanitsa mavuto awiri amene chisamaliro chake sichifanana.

Loyamba ndi kutsekeka. Chithokomiro chimamveka cholimba, kapena ngati nsima yadzulo imene ukaidina chala imasiya chibowo. Chimene chimatseka kawirikawiri ndi udzu wautali umene wapotana m'kati, ulusi wa matumba a feteleza, tizidutswa ta majumbo, nthenga kapena utuchi wa m'khola. Apa pali chinthu chimene alimi a m'tauni, ku Ndirande kaya ku Kawale, sachiganizira. Nkhuku yoyenda yokha imathothola nsonga ya udzu umene uli ndi mizu pansi, motero imameza tizidutswa tating'ono. Nkhuku yotsekeredwa imene yaponyeredwa udzu womweta ilibe chokokerana nacho, ndiye imameza tsamba lonse. Ikakhalanso pa simenti pomwe sipapezeka timiyala, nthutumba imalephera kupera ndipo mzere wonse umaima. Zomwezi zimachitika kumudzi m'dzinja, nkhuku zikatsekeredwa kuopa kuti zingafukule mbewu.

Lachiwiri ndi kusasa. Chithokomiro chimakhala chofewa, chodzaza madzi, chimachita phokoso ukachisisita, ndipo kukamwa kumatuluka fungo lowawasa. Nthawi zina nkhuku ikaweramitsa mutu madzi amadontha kumlomo, ndipo m'kamwa mumaoneka timabala toyera. Kawirikawiri chimayambitsa ndi kachilombo ka mtundu wa yisiti kotchedwa Candida albicans, komwe kamabweretsanso zoyerayera m'kamwa mwa makanda. Yisiti si bakiteriya. Makapisozi a amoxicillin kapena tetracycline samukhudza n'komwe. Chimene amachita n'kupha mabakiteriya abwino amene amamuletsa kuchulukana. N'chifukwa chake vutoli limakonda kubuka mwa nkhuku zimene zangomwetsedwa kumene makapisozi masiku angapo. Mankhwala ake enieni ndi olimbana ndi yisiti, monga nystatin, ndipo muyezo wake ngofunika kufunsa kwa mlangizi wa ziweto kapena kusitolo ya mankhwala a ziweto.

Chisamaliro chapakhomo n'chosavuta koma chimafuna kudekha. Nkhukuyo ipatulidwe, iikidwe m'dengu pamalo ofunda ndi opanda chinyezi, pafupi pakhale madzi oyera. Chakudya chiyambe chaimitsidwa, osapitirira tsiku limodzi, kuti chimene chili m'kati chipeze mpata wotsika. Chithokomiro cholimba chisisitidwe mofatsa kangapo patsiku nkhuku ikangomwa madzi. Chikayamba kuphwa, ipatsidwe zofewa pang'onopang'ono, monga dzira lophika lonyenyanyenya kapena phala lozizira, ndi timiyala pambali. Zitosi ndizo zimanena zoona: zikayamba kutuluka zambiri, njira yatseguka. Chimene chimapha nkhuku zambiri m'manja mwa eni ake ndi kuzizondotsa mutu pansi n'kufinya kuti zisanze, kapena kuzitsanulira mafuta ndi madzi kukhosi mokakamiza. Khomo la njira ya mpweya lili kuseri kwa lilime penipeni, ndipo madzi akalowa m'menemo nkhuku imatha kufera pomwepo.

Chithokomiro chikamatupa mobwerezabwereza, gwero lake limakhala kwina. Njoka za m'mimba zikachuluka zimatseka matumbo. Madeya ochita chuku, amene ambiri amati ngoyenera nkhuku poti anthu sangadye, amaononga chiwindi ndi kufooketsa thupi lonse. Thadzi lokalamba limatha kukhala ndi chotupa kapena vuto la m'njira ya mazira lomwe limapanikiza matumbo. Ngakhale pa njoka pomwe pamafunika kusamala, chifukwa piperazine amene amapezeka mosavuta amapha njoka zikuluzikulu zokha, osati timinyongolotsi topyapyala timene timaboola khungu la m'kati mwa chithokomiro. Itoti timafuna mankhwala ena monga fenbendazole kapena levamisole.

Wina anganene kuti zonsezi n'zolankhula anthu okhala pafupi ndi ofesi ya zaulimi, pomwe kumudzi mlangizi wa ziweto mmodzi amayang'anira dera lalikulu, ndipo ndalama yokamupezera ingapose mtengo wa nkhukuyo. Zimenezo n'zoona, koma sizikuikira kumbuyo kapisozi. Kugwira chithokomiro, kupatula nkhuku ndi kuipatsa madzi sikulira mlangizi. Ndipo ngakhale matendawo atakhaladi chitopa, kapisozi sathandizabe, chifukwa chitopa chimayamba ndi vairasi. Chimene chimateteza ndi katemera wa I-2, wopangidwa ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe, dontho limodzi m'diso miyezi inayi iliyonse, nkhuku zisanadwale. Amene amalumbira kuti yawo inachira ndi kapisozi sakunama kuti inachira, koma chithokomiro chotsekeka pang'ono chimatseguka chokha nkhuku ikamamwa madzi, kaya muli ufa wa kapisozi kaya mulibe. Chimene ufawo umasiya ndi mankhwala otsalira m'mazira ndi m'nyama zimene ana adye, komanso mabakiteriya osamva mankhwala, vuto limene linachititsa bungwe la WHO mu 2017 kupempha maiko kuti achepetse kugwiritsa ntchito pa ziweto maantibayotiki ofunika pochiza anthu.

Palinso akuluakulu odziwa kung'amba chithokomiro ndi lezala, kuchotsa udzu n'kusoka ndi ulusi. Njirayi si yongopeka, madokotala a ziweto amachitanso opaleshoni yotere, ndipo nkhuku zina zimapulumukadi. Koma chithokomiro ndi khungu lakunja zimafunika kusokedwa padera, pamalo aukhondo, apo ayi chakudya chimadonthera pansi pa khungu n'kuwola. Ndipo pa chithokomiro chosasa lezala alibe ntchito, poti palibe chochotsa.

Otsutsa amphamvu kuposa onse ndi amene amati nkhuku yodwala mankhwala ake ndi mpeni. Pa chithokomiro chotsekeka chimene chakana kutseguka patatha masiku awiri kapena atatu, nkhuku ikuonda, akunena zoona, ndipo n'chifundo kusiyana n'kuisiya ife ndi njala. Bola ikhale kuti yadwala yokha ndipo sinamwetsedwe mankhwala, chomwe ndi chifukwa chinanso chosathamangira kapisozi. Zikamadwala zingapo nthawi imodzi, zina zikupotoka makosi, kupuma movutikira kapena kutulutsa zitosi zobiriwira, imeneyo si nkhani ya chithokomiro: zisadyedwe, zisapite kumsika, zakufa zikwiriridwe mozama ndipo alangizi adziwitsidwe. Koma ngati ndi imodzi ija, woipha asataye zam'kati asanazione. Ang'ambe chithokomiro, nthutumba ndi matumbo. Akapeza mpukutu wa udzu, aziduladula udzu wa zotsalazo. Akapeza nthutumba yopanda timiyala, azithirira mchenga wokhala ndi timiyala m'khola. Akapeza njoka, khola lonse likufunika mankhwala a njoka sabata yomweyo.