Batani la Buluu Lija Linachokera Kuti?

Nyengo yopereka mapulojekiti ikayandikira, chipinda cha makompyuta chimadzaza mpaka usiku. Wina akupanga pulogalamu yolembera odwala pachipatala, wina yobwereketsera mabuku mulaibulale, winanso yowerengera ndalama za banki mkhonde. Ntchito zake n'zosiyana, koma mukadutsa kumbuyo kwa mipando n'kumasuzumira pa masikirini, muona kuti batani la buluu lili kwa uyu ndi lomwelonso lili kwa uyo, makona ake obulungira pang'ono, zilembo zake zoyera. Sikuti anaonerana ayi. Onse anakalitenga pamalo amodzi.

Batani limeneli ndi chitsanzo cha zimene olemba mapulogalamu amazitcha ma component. Ife pano tizitcha zidutswa. Ndi tizinthu timene munthu amaona ndi kudina pa sikirini: batani, bokosi lolembamo dzina, mndandanda umene umatsika mukaukhudza, kalendala yosankhirapo tsiku, kawindo kotulukira mwadzidzidzi kofunsa ngati mwatsimikizadi kufufuta. Aliyense amene anamangitsapo nyumba akuidziwa kale nkhaniyi. Mmisiri sasula yekha loko kapena mahinjesi. Felemu la windo amakagula kwa owotcherera zitsulo, iye n'kuona kuti lakhala mowongoka ndipo khoma laligwira. Wolemba mapulogalamu nayenso amagula, kungoti nthawi zambiri sapereka ndalama.

Gwero la batani la buluu lija ndi Bootstrap. Anaiyamba ndi Mark Otto ndi Jacob Thornton, amene ankagwira ntchito ku Twitter. Vuto lawo linali lakuti gulu lililonse pakampanipo linkapanga zida zake za mkati mwanjira yakeyake, moti sizinkafanana ndipo kuzisamalira kunali kotopetsa. Anasonkhanitsa zidutswa zoti aliyense azitengapo, ndipo mu Ogasiti 2011 anaziika pa GitHub kuti dziko lonse ligwiritse ntchito mwaulere. Mu 2013 anatulutsa mtundu wachitatu, umene unayamba kuganizira sikirini ya foni choyamba, ya kompyuta pambuyo. Wachisanu unatuluka mu 2021.

Mmene imagwirira ntchito n'zosavuta kumva. Bootstrap kwenikweni ndi fayilo yaikulu ya malamulo a kaonekedwe, olembedwa m'chinenero cha CSS, ndipo lamulo lililonse lili ndi dzina. Mukalemba batani n'kulipatsa mayina akuti btn ndi btn-primary, msakatuli amakayang'ana mufayilo muja n'kupeza mtundu, kukula kwa zilembo, mpata wa m'mbali ndiponso mmene batanilo lisinthire mukaloza ndi mausi. Mawu awiri okha, ntchito imene ikanakutengerani ola yatha.

Chokoma kwambiri ndi kagawidwe ka tsamba. Bootstrap imadula m'lifupi mwa sikirini m'magawo 12, chifukwa 12 amagawika bwino pawiri, patatu, panayi ndi pasanu n'kamodzi. Mukalemba col-md-6, mukunena kuti chinthuchi chitenge magawo 6 mwa 12, theka la tsamba, koma pokhapokha sikirini ikafika mapikiselo 768 m'lifupi. Ikachepera pamenepo, monga zimakhalira pa foni, zinthu ziwiri zimene zinali moyandikana zimasanjikizana, china pamwamba china pansi. N'chifukwa chake tsamba limodzi lomwelo limaoneka bwino pa laputopu ya aphunzitsi ndiponso pa foni ya mayi wogulitsa tomato.

Ku Facebook anapita patsogolo ndi lingaliroli. React, imene anaitulutsa poyera mu 2013, imatenga chidutswa ngati kanthu kamene kali ndi maonekedwe komanso kamakumbukira zake. Taganizirani kanambala kofiira kosonyeza mauthenga amene simunawerenge. Uthenga ukalowa, wolemba pulogalamu amangosintha nambalayo, React n'kujambulanso kachigawo kokhako osagwedeza tsamba lonse. Google nayo ili ndi Flutter, imene mtundu wake woyamba wokhazikika unatuluka mu Disembala 2018. Kumeneko chilichonse ndi widget, ndipo khodi imodzi imatha kupanga pulogalamu ya Android ndi ya iPhone.

Pambali pa zidutswazi pali zida za mmisiri. Ambiri timalembera mu Visual Studio Code ya Microsoft. Git, imene Linus Torvalds anaipanga mu 2005, imasunga mbiri ya kusintha kulikonse, ndipo amene fulashi yake inasowa patatsala sabata kuti apereke ntchito safuna kuuzidwa kawiri za ubwino wake. Palinso npm, nkhokwe imene mumalembera dzina la chidutswa, icho n'kutsika chokha mu kompyuta yanu.

Tsono apa ndi pamene tikufuna tichedwepo. Chidutswa chobwereka chimabwera ndi maganizo a mwini wake, ndipo mwiniyo sankaganiza za anthu athu pamene ankachipanga.

Tengani fomu ya adiresi. Chitsanzo chimene chili m'malangizo a Bootstrap chili ndi mabokosi a City, State ndi Zip, chifukwa ndi mmene adiresi imalembedwera ku America. Taonapo mapulojekiti a chipatala cha kumudzi mabokosi amenewa ali momwemo, ena ataikidwanso kuti munthu sangapitirire asanawadzaze. Namwino wolemba gogo wochokera ku Thyolo akufuna mudzi, mfumu yaikulu ndi boma. Akakakamizidwa kudzaza Zip, adzangolemba 0000 kuti mzere wa odwala uyende, ndipo tsiku lofuna kumulondola gogoyo likadzafika, mu kompyuta simudzapezeka chothandiza.

Madeti ndiye oopsa kuposa, chifukwa cholakwa chake sichioneka. Kuno 03/04 ndi pa 3 Epulo. Ku America ndi pa 4 Malichi. Makalendala ena obwereka amayamba ndi mwezi mukapanda kuwasintha. Wodwala akapatsidwa tsiku lobwerera kusikelo kapena lodzatenga mankhwala, kusiyana kwa mwezi wathunthu si nkhani yoseka. Njira yake ndi yachidule: mwezi uzilembedwa m'mawu, osati m'manambala.

Kenako chinenero. Batani lopimidwira mawu a Chingerezi akuti Send limayenera kunyamula Tumizani, ndipo Save amasanduka Sungani. Pa laputopu sizivuta, koma pa foni yaing'ono mawu amadukira pakati kapena kugwera pa batani lina. Ndipo amene amalemba Malaŵi ndi kachizindikiro pamwamba pa w ayese kaye, chifukwa si mitundu yonse ya zilembo imene ili ndi ŵ. Ikasowa, msakatuli amabwereka chilembocho ku mtundu wina, n'kumaoneka ngati mlendo pakati pa mawu, kapena pamangotuluka kabokosi kopanda kanthu.

Kulemera nako kulipo. Fayilo ya CSS ya Bootstrap 5.3 imaposa makilobayiti 200 isanapanikizidwe, ngakhale inu mwatengamo batani limodzi ndi fomu imodzi basi. Onjezanipo laibulale ya tizithunzi, ya makalendala, ya matebulo, ndi ina imene munaiyesa n'kuiwala kuichotsa. Pa Wi-Fi ya pasukulu simumva kanthu. Amene amamva ndi munthu wa bandulo ya tsiku limodzi, ali pamalo pamene netiweki imachita kusakidwa pachulu. Chida choonera zimenezi muli nacho kale ndipo n'chaulere. Mu Chrome kapena Firefox dinani F12, pitani pa Network, ndipo muona fayilo iliyonse imene tsamba lanu likukoka ndi kukula kwake. Pomwepo pali posankha kuti intaneti iyende pang'onopang'ono ngati ya 3G. Kunena zoona, tikanakonda aphunzitsi akanamaonera mapulojekiti atatsegula pamenepa. Ambiri a ife tikanatuluka thukuta.

Pomaliza pali nkhani yodalira anthu amene simukuwadziwa. Chidutswa chilichonse chimene npm yakubweretserani chimadaliranso zina, izonso zimadalira zina, moti pulojekiti yaing'ono imatha kukhala ndi mapaketi mazanamazana. Mu Malichi 2016, wolemba mapulogalamu wina, Azer Koçulu, atasemphana ndi kampani ina pa nkhani ya dzina la paketi, anachotsa mapaketi ake onse pa npm, oposa 250. Pakati pawo panali left-pad, ya mizere 11 yokha, imene ntchito yake inali kuwonjezera mipata kapena maziro kumanzere kwa mawu. Mapulojekiti ambirimbiri padziko lonse, kuphatikizapo odalira Babel ndi React, analephera kumangika mpaka a npm ataibwezeretsa tsiku lomwelo. Pambuyo pake anakhwimitsa malamulo ochotsera mapaketi. Ambiri mwa okhudzidwawo anali asanamvepo n'komwe dzina lakuti left-pad.

Kodi ndiye tizipanga tokha chilichonse? Ayi ndithu, ndipo amene amanyadira kuti sabwereka kanthu nthawi zambiri amapanga zoipirapo. Chidutswa chabwino chimabisa ntchito yambiri imene wophunzira sangaiganizire. Kawindo kotulukira ka Bootstrap kamatseka mukadina Esc, ndipo kamasunga kiyibodi mkati mwake kuti munthu wosagwiritsa ntchito mausi asasochere kuseri. Zimenezi n'zofunika kwa munthu wosaona amene amadalira pulogalamu yomuwerengera sikirini, monga TalkBack ya pa Android. Komabe chidutswa sichingakulembereni dzina la bokosi. Mukasiya bokosi lopanda label, kapena batani la kachithunzi kokha, TalkBack imangonena kuti pali batani, osadziwa kuti ndi lotumizira kapena lofufutira.

Choncho musanatengere pulojekiti kwa aphunzitsi, kapena kwa akulu a mpingo amene anakupemphani pulogalamu yosungira mayina a mamembala, tsegulani fayilo ya package.json n'kuwerenga dzina lililonse. Limene simungathe kufotokoza ntchito yake, lifufuzeni kapena lichotseni. Sungani package-lock.json mu Git kuti mnzanu wodzalandira ntchitoyo chaka chamawa adzapeze mitundu yomweyo imene inu munagwiritsa ntchito. Mukatero bwerekani foni yakale kwambiri imene mungapeze, muzimitse Wi-Fi, muipereke kwa mayi wa kukhitchini kapena bambo wa pageti, muwapemphe kuti alembetse dzina lawo. Inu khalani pambali, manja kumbuyo, osawauza podina, ndipo lembani pamene aima.