Yehova, Yahve ndi Chauta: Dzina la Mulungu m'Mabaibulo a Chicheŵa

Pa maliro a ku Khombedza, m'boma la Salima, anthu a mipingo yosiyanasiyana amakhala pa mphasa imodzi. Mlaliki akatsegula Buku Lopatulika amaŵerenga kuti Yehova. Nkhalamba ya Chikatolika imakumbukira Yahve wa m'Malembo Oyera, pamene mwana wa sukulu amene wanyamula Buku Loyera amapeza Chauta pa ndime yomweyo. Ena amabwerera kwawo akuganiza kuti buku lina lidanama.

Gwero la kusiyanaku lili m'Chihebri. Ahebri akale sankalemba malembo a liwu, monga a, e ndi o, kotero dzina la Mulungu lidalembedwa ndi malembo anayi okha, YHWH, ndipo likupezeka koposa ka 6,800 m'Chipangano Chakale. Patapita nthaŵi, Ayuda adaleka kulitchula chifukwa cha ulemu, monga momwe mkamwini satchulira dzina la apongozi ake. Akafika pamenepo ankanena kuti Adonai, ndiye kuti Ambuye. Alembi a pambuyo pake adaika timadontho ta liwu ta Adonai pa malembo anayi aja, pofuna kukumbutsa woŵerenga. Akhristu a ku Ulaya adaŵerenga ziŵirizo mophatikiza, ndipo mwa njira imeneyi mudabadwa dzina la Jehovah, limene William Tyndale adaliloŵetsa m'Chingerezi mu 1530. Ndilo lidasanduka Yehova m'Buku Lopatulika la mu 1922, limene ntchito yake adaitsogolera William Murray pa phiri la Kaso ku Mvera, kumtunda kwa Salima komweko.

Akatswiri ambiri amati katchulidwe kakale kanali Yahweh, ndipo Bambo Louis Villy adatsata zimenezi m'Malembo Oyera a mu 1966. Dzinali limagwirizana ndi mneni wa Chihebri wotanthauza kukhalapo, monga akulongosolera mutu 3 wa Eksodo: Mulungu ndi Iye amene alipo, amene amakhala ndi anthu ake. Chidule chake, Ya, chimamveka kumapeto kwa Aleluya, Eliya ndi Yesaya.

Omasulira Buku Loyera la mu 1998, Akatolika ndi Aprotestanti pamodzi, adasiya zonse ziŵiri nasankha Chauta, dzina limene makolo ankaitana popempha mvula ku kachisi wa ku Msinja. Nzeru yake inali yabwino, pakuti Mcheŵa akamva Chauta safunsa kuti ndi yani. Komabe alipo Akhristu amene dzinalo limawakumbutsa nsembe za makolo, ndipo iwo sadamsiye Yehova.