Thumba Lalemera, Koma Muli Ciani?

Aliyense amene anaperekapo cimanga ku depoti ya Food Reserve Agency, kaya ku Katete, ku Sinda kapena ku Vubwi, adziwa kuti sikelo payokha siitha mlandu. Thumba likhoza kukwana makilogalamu 50 bwinobwino, koma kalaliki asanalembe risiti amayamba wabaya thumbalo ndi kutapako maso ocepa kuti apime cinyezi. Cikapitirira 12.5 peresenti, mlimi abwerera kukayanikanso, pakuti mbali ina ya kulemerako ndi madzi cabe. Sikelo inena kuti thumba lalemera, koma cimene calemeretsa thumbalo siicichula.

Nzeru imeneyi, owerenga okondedwa, ali nayo mlimi aliyense, koma timaiiwala tikakwera tokha pa sikelo.

Tiyerekeze amai a zaka 45, aphunzitsi pa sukulu ina m'boma la Katete. Ku cipatala awauza kuti BP yakwera, ayenera kucepetsako thupi ndi kuyamba masewera olimbitsa thupi. Mwana wao wamwamuna ali kale ndi citsulo cake kuseri kwa nyumba, paipi yokhala ndi zitini ziwiri za penti zodzaza simenti, monga acitira anyamata ambiri masiku ano. Iye awaphunzitsa kunjuta ndi kuimirira kakhumi, kukankha cipupa ndi manja, ndi kunyamula zigubu za madzi za malita 5. Amaiwo alimbikira katatu pa sabata, thukuta kamukamu. Patapita masabata atatu akwera pa sikelo. Poyamba anali ndi makilogalamu 78, tsopano ali ndi 80. Mtima uwawa, ndipo funso libwera lokha: kodi ndavutikiranji?

Apa ndi pamene ambiri alakwira njira. Ena asiyiratu masewera, nanena kuti zitsulo zinenepetsa. Ena ayamba kudzimana cakudya mpaka kucita cizungulire m'kalasi kapena kumunda. Enanso ataya ndalama pogula tiyi woondetsa, amene kawirikawiri nchito yake ndi kutsegula m'mimba cabe. Onsewa aweruza thumba asanalibaye.

Si codabwitsa kuti sikelo timaiopa cotere. Kwathu kuno mau akuti "kusikelo" atanthauza tsiku lokapimitsa mwana, ndipo amai onse anaphunzira kuti mzere wa pa khadi ukakwera zinthu zili bwino. M'zaka za m'ma 1990, pamene kaliwondewonde anatha mabanja, munthu akangoonda pang'ono anthu anali kunong'onezana, kotero kuti kunenepa kunasanduka umboni wa moyo wabwino. Lero anamwino atiuza zina, ndipo ali ndi cifukwa. Kafukufuku wa STEPS, amene Unduna wa Zaumoyo unacita mothandizana ndi bungwe la World Health Organization m'caka ca 2017, anapeza kuti mwa akulu a zaka 18 mpaka 69 m'Zambia, pafupifupi mmodzi mwa anai aliwonse anali ndi thupi lopitirira muyeso, ndipo mmodzi mwa asanu anali ndi BP yokwera. Conco munthu mmodzi yemweyo, anansi amuyamikira kuti wanenepa, anamwino amucenjeza kuti wanenepa. Kuti tisasokonezeke, tiyeni tilibaye thumbalo tione zili m'kati.

Madzi ndiwo ayamba

Amene analimapo mizere adziwa zimene zicitika sabata loyamba la kulima, munthu atakhala miyezi yacilimwe osagwira khasu. Tsiku loyamba nchito iyenda bwino, koma m'mawa mwake, makamaka mkuca wake, mapewa ndi nchafu ziwawa ngati wamenyedwa. Cifukwa cake n'cakuti minofu ikagwira nchito imene siinazolowere, timitsitsi take tating'ono kwambiri timasweka. Thupi litumiza magazi ndi madzi pamalopo kuti likonze posweka, ndipo mnofuwo utupa pang'ono. Ululu umenewu ufika pacimake patapita tsiku limodzi mpaka atatu, kenaka uzirala. Kukonza kumeneku ndiko kulimbitsa mnofu, koma madzi onse amene asonkhana pamenepo sikelo iwawerenga.

Palinso cina. Nsima, mpunga ndi kandolo zikagayika zisanduka shuga, ndipo thupi lisunga mbali ina ya shugayo m'ciwindi ndi m'minofu monga nkhokwe yapafupi, imene akatswiri aichula kuti glycogen. Munthu wamkulu asunga pafupifupi theka la kilogalamu. Minofu ikaona kuti nchito yaculuka, iyamba kusunga zambiri kuposa kale, monga banja limene liyembekeza alendo. Tsono galamu imodzi iliyonse ya glycogen isungidwa pamodzi ndi magalamu pafupifupi atatu a madzi. Nkhokwe ikaonjezeka ndi magalamu 200, sikelo ikwera ndi magalamu ngati 800, popanda ngakhale kadontho ka mafuta.

Anthu ankhonya aidziwa bwino nkhani ya madziyi. Pamene Catherine Phiri anatenga lamba wa WBC ku Mexico mu January 2016, anamenya m'gulu la bantamweight, m'mene munthu saloledwa kupitirira makilogalamu 53.5 pa tsiku lopima. M'masewera amenewa n'zodziwika kuti ambiri adzimana madzi asanakwere pa sikelo, ndipo pofika tsiku la nkhonya akhala atabweza makilogalamu awiri kapena kuposa. Palibe munthu amene angakole mafuta otere usiku umodzi. Ngakhale ife wamba, kulemera kwathu kusintha ndi kilogalamu imodzi kapena awiri pakati pa m'mawa ndi madzulo, malinga ndi zimene tadya, mcere umene tathira m'ndiwo, ndi madzi amene tamwa. Kwa amai, masiku oyandikira kupita kumwezi thupi lisunganso madzi ambiri.

Nanga mafuta? Kuti munthu akole kilogalamu imodzi ya mafuta afunika kudya makalori pafupifupi 7,700 pamwamba pa zimene thupi ligwiritsa nchito. Kuti aphunzitsi athu aja akole makilogalamu awiri m'masabata atatu, akanafunika kuonjezera ngati cakudya cathunthu cina tsiku ndi tsiku. Ngati sanatero, mbali yaikulu ya kulemerako ndi cinyezi cabe, ndipo kawirikawiri cikhazikika pakapita mwezi umodzi kapena iwiri.

Mnofu ubwera pang'onopang'ono

Anyamata ena akaona sikelo yakwera akondwa, nayesa kuti zonsezo ndi mnofu. Nawonso afulumira. Woyamba kumene, amene adya bwino ndi kugona mokwanira, aonjezera mnofu wokwana theka la kilogalamu kapena kilogalamu imodzi pa mwezi, ndipo amai ndi acikulire kacepera pamenepo. Mphamvu zimene munthu amva m'masabata oyamba zicokera makamaka ku mitsempha ya ubongo, imene iphunzira kulamula minofu kuti igwire nchito pamodzi, monga ng'ombe ziwiri zimene zayamba kumvana pa joko.

Komabe miyezi ikamapita mnofu uonjezekadi, ndipo uli ndi khalidwe lake. Lita imodzi ya mnofu ilemera pafupifupi makilogalamu 1.06, pamene lita imodzi ya mafuta ilemera 0.9. Ndiye kuti mnofu utenga malo ocepa. Munthu akhoza kutaya mafuta makilogalamu awiri, nakola mnofu makilogalamu awiri, sikelo osasuntha ngakhale pang'ono, koma siketi kapena buluku n'kuyamba kukhwepa m'ciuno. Munthu wotere wapindula kwambiri, ngakhale kuti sikelo ili duu.

Phindu lake silili pa maonekedwe okha. Minofu ndiyo itenga mbali yaikulu ya shuga wa m'magazi tikatha kudya, conco mnofu wogwira nchito ndi cishango pa matenda a shuga. Ndiponso munthu akapitirira zaka 30 ayamba kutaya mnofu pang'onopang'ono, pakati pa 3 ndi 8 peresenti pa zaka khumi zilizonse, ndipo akapitirira zaka 60 liwiro lake likula. N'cifukwa cake agogo ena avutika kunyamuka pamphasa, kapena agwa ndi kuthyoka fupa la m'ciuno. Malangizo a World Health Organization a caka ca 2020 anena kuti munthu wamkulu aziyendetsa thupi mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, ndiponso azicita zolimbitsa minofu masiku awiri kapena kuposa. Amene atunga madzi, kuwaza nkhuni ndi kukwera zitunda za ku Vubwi panjinga acita kale zambiri mwa izi. Amene afunika kusamala ndi ife okhala pampando tsiku lonse, m'ofesi, m'sitolo kapena pa minibasi.

Walira mvula walira matope

Tsono tisadzinamize kuti zonse ndi madzi ndi mnofu. Masewera adzutsa njala, ndipo mtima umanong'oneza kuti, popeza ndatuluka thukuta, ndiyenera mphotho. Theka la ola la kunyamula zitsulo litentha makalori pakati pa 100 ndi 200 cabe. Botolo limodzi la zakumwa zotsekemera la theka la lita lili ndi shuga wokwana magalamu ngati 50, amene ndi makalori 200. Mukaonjezerapo vitumbuwa viwiri pobwerera kunyumba, mwabweza zonse ndi ciongoladzanja comwe. Mowa nawonso uli m'gulu lomweli.

Mankhwala ake si kugona ndi njala, pakuti mnofu sumangika popanda cakudya. Zofunika tili nazo m'minda ndi m'misika yathu: nshawa, nyemba, soya, kapenta, mazira ndi mkaka ndizo njerwa zomangira mnofu. Mtanda wa nsima ucepeko, ndiwo zamasamba ziculuke, saladi athiridwe ndi supuni osati kukhuthula botolo. Mcere usapitirire magalamu 5 pa tsiku, imene ndi supuni yaing'ono imodzi, popeza mcere ukoka madzi ndi kukweza BP.

Kwa anyamata tinene mosabisa: majekeseni ndi mapiritsi a steroid amene ena agulitsana mobisa akulitsadi cifuwa ndi mikono, koma aononga ciwindi ndi mtima, ndipo akhoza kucepetsa mphamvu ya kubereka. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pamene sikelo ili kucenjeza

Pali kulemera kwina kumene sikuyenera kudikira. Ngati munthu aonjezera makilogalamu awiri kapena kuposa m'sabata limodzi, mapazi ndi akakolo n'kutupa kotero kuti mukadina ndi cala pakhala kadzenje, nkhope n'kufufuma m'mawa, mpweya n'kumacepa pogona cagada kapena pokwera kamtunda, amenewo si madzi a masewera. Akhoza kukhala mtima, impso kapena ciwindi zimene zalefuka. Cimodzimodzi ngati minofu iwawa koopsa pambuyo pa masewera amphamvu, mkodzo n'kuda ngati tiyi wopanda mkaka, pitani ku cipatala tsiku lomwelo, pakuti impso zili pangozi. Amai a msinkhu wobereka aganizirenso za pathupi.

Mankhwala ena nawonso anenepetsa. Prednisolone ndi mmodzi wa iwo. Dolutegravir, amene ali m'mapiritsi a ma ARV omwe ambiri amwa lero, aonjezera thupi kwa anthu ena, makamaka amai. Koma mankhwala oteteza moyo sasiyidwa cifukwa ca sikelo. Kambiranani ndi anamwino kapena adokotala anu, ndipo iwo adzaona cocita. Cipatala ca St. Francis, cimene catumikira anthu a kuno kuyambira caka ca 1948, pamodzi ndi makiliniki a m'madera athu, alipo kaamba ka mafunso otere. Safunsa anadya phula. Amene ali ndi BP yokwera kwambiri kapena matenda a mtima afunse asanayambe kunyamula zolemera, ndipo ponyamula asamagwire mpweya, koma aziutulutsa pamene akweza.

Cingwe ciposa sikelo

Nanga tidzadziwa bwanji kuti tili kupita patsogolo? Tengani cingwe, mucidule molingana ndi msinkhu wanu, kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Cipindeni pakati, ndipo mucizungulize m'mimba, pamwamba pang'ono pa mcombo. Nsonga zikakumana, zinthu zili bwino, pakuti m'ciuno mwa munthu simuyenera kupitirira theka la msinkhu wake. Wamtali masentimita 160 asapitirire masentimita 80. Mafuta a m'mimba ndiwo oopsa kwambiri pa shuga ndi pa mtima, ndipo cingwe ciwaona pamene sikelo iwasakaniza ndi madzi, mnofu ndi mafupa.

Sikelo musaitaye, koma muziikwera kamodzi pa sabata, m'mawa musanadye, ndipo ikhale sikelo imodzimodziyo nthawi zonse. Lembani m'kabuku, pamodzi ndi muyeso wa m'ciuno ndi wa BP. Musaweruze pasanathe miyezi iwiri kapena itatu. Dzifunseninso mafunso amene sikelo singayankhe. Kodi ndowa ya madzi yapepuka? Kodi ndigona tulo tabwino? Kodi ndifika kumsika osapuma panjira?

Aphunzitsi athu aja, ngati sanatupe mapazi ndipo mbale yao siinakule, alibe cifukwa cobwezera zigubu zija kukhichini. Makilogalamu awiriwo ndi cizindikiro cakuti thupi lamva kuitana ndipo layamba kukonza nyumba yake. Mlimi wanzeru satentha nkhokwe poona kuti cimanga cikali ndi cinyezi. Aciyanika, nadikira dzuwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.